Wodwazika Amene Sadapemphe Womudwazika: Moyo wa Mayi Manesi Kamtedza

Mayi Manesi Kamtedza, mkhristu wa mpingo wathu kuno ku Nachisaka, adamwalira Lachiwiri pa 12 Febuluwale 2019, ali m'chaka chawo cha 68. Pamaliro padayankhula anthu asanu ndi mmodzi, ndipo onse adabwereza mfundo imodzi, yoti mayiwa adadwazika anthu ambiri. Pambuyo pake ana awo adakhala pansi ndi amayi a Chigwirizano kuti awerenge bwinobwino, ndipo adapeza odwala khumi ndi asanu ndi awiri amene Mayi Kamtedza adawadikirira m'chipatala monga gadiyani. Asanu ndi anayi mwa iwo sadali abale awo. Chimene sichidatchulidwe pamaliro n'chakuti iwo eni ake, tsiku la opaleshoni yawo litakwana, sadapite, ndipo chidawaletsa ndi nkhani yomweyo ya gadiyani. Banja lavomera kuti izi zilembedwe, chifukwa mwini wake adapempha choncho asanamwalire.

Aliyense amene adagonekedwapo m'chipatala akudziwa mmene ntchito imagawidwira kumeneko. Dokotala amayeza, namwino amapereka mankhwala, koma wosambitsa wodwala, womuchapira, womuphikira phala ndi womutembenuza pabedi ndi gadiyani. Kwathu kuno timayembekeza kuti gadiyani akhale wachibale, ndipo ku wodi ya amayi akhale wamkazi. Mayi Kamtedza adaidziwa ntchito imeneyi ali mwana.

Adabadwira kufupi ndi Dzoole m'chaka cha 1951. Buku la ubatizo limatchula chaka chokha, mwezi mulibe. Manesi adali mwana wachitatu mwa ana asanu a bambo Mose Chikuse ndi mayi Lidia, ndipo wamkazi adali yekha. Adayamba sukulu ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo anzake awiri amene akadali moyo amakumbukira kuti aphunzitsi ankamuimika kutsogolo kuti awerengere kalasi yonse.

M'chaka cha 1963 mayi Lidia adayamba kutsokomola magazi. Abale ena adati apite nawo kwa sing'anga, koma bambo Chikuse adakana, n'kuwanyamula pangolo kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Kumeneko adawapeza ndi chifuwa chachikulu ndipo adati agonekedwe. Padafunika gadiyani. Mng'ono wa odwalawo adali ndi khanda kumsana, ana enawo adali amuna. Bambo Chikuse adamuitana Manesi, amene panthawiyo adali mu Sitandade 3.

"Tenga kansalu kako ndi kampoto, ukakhale ndi amako. Sukulu sithawa, mwanawe. Chaka chamawa idzakhalapo."

Adakhala kuchipatala miyezi isanu. Mayi Lidia adachira, ndipo adakhala ndi moyo mpaka 1988, choncho chisankho cha bambo Chikuse chopita kuchipatala chidali chabwino. Koma adatuluka ali ofooka, kunyumba kudali ana awiri aang'ono, ndipo chaka chamawa chija chidampeza Manesi ali kumunda. Kusukulu sadabwererenso. Sadamvekepo akuwadandaula bambo ake. Ankangoti akamva mwana akuwerenga mokweza, ankaima kaye ndi ndowa pamutu mpaka mwanayo amalize.

M'miyezi isanu ija adaphunzira kutembenuza munthu wamkulu osamupweteka, kudziwa mpweya wa munthu amene akupita, ndi kupemphera. Mayi wina wachikulire wa pamishonipo, dzina lake Margareta, ankayendera wodi kawiri pasabata, ndipo ataona kuti kamtsikanaka kakudziwa kuwerenga, adakapatsa ntchito yowerengera odwala Mawu a Mulungu. Manesi adalowa kalasi ya mpingo mu 1966 ndipo adayamba kudya Mgonero mu 1968.

Mu Ogasiti 1970 adakwatiwa ndi bambo Elia Kamtedza, mlimi wa fodya, amene adawatenga chitengwa kubwera nawo ku Nachisaka. Mwana woyamba adabadwira pakhomo mu 1971, monga mmene apongozi awo aakazi adafunira. Matenda adatenga masiku awiri, ndipo mwanayo sadalire. Atakhalanso ndi pakati mu 1973, Mayi Kamtedza adamanga katundu kutatsala masabata atatu kuti akadikirire kuchipatala. Idali nyengo yothyola fodya, ndipo munthu aliyense pakhomo ankafunika.

"Kodi mimba yasanduka matenda masiku ano?" adafunsa apongozi awo. "Ife asanu ndi atatu tidabereka m'nyumba momwemu."

"Si matenda ayi, amayi," adayankha atagwada. "Koma ulendo uja ndidatuluka m'chikuta chimanjamanja. Kawiri sindingathe."

Adapita wapansi, ndipo adabwerako ndi Howard. Pambuyo pake padabadwa anyamata ena awiri, kenako mu 1985 mtsikana mmodzi yekha, Lenia. Onse anayi adabadwira kuchipatala, ndipo makadi awo a sikelo adapezeka m'sutikesi ya mayi awo, katemera aliyense atadindidwa.

Adavala yunifomu ya Chigwirizano mu 1976, tsiku limodzi ndi Mayi Magdalena Chimphepo, amene adakhala mnzawo wapamtima zaka makumi anayi ndi zitatu. Mayi Kamtedza sadakhalepo wapampando kapena mlembi. Ankati zolembalemba n'za ophunzira. Ntchito yawo idali kuzonda odwala, ndipo sankangopemphera n'kutsanzika. Ankafunsa kuti matendawa adayamba liti, kuchipatala mwapita, adati chiyani. Wina akati akudikira kaye kuti aone mphamvu ya pemphero, iwo ankati, "Pemphero ndi jakisoni sadayambanepo. Tiyeni tipemphere tili panjira."

Wodwala woyamba wosakhala m'bale wawo adamudikirira mu Malichi 1996. Adali mayi wamasiye wa zaka 29, dzina lake Elube, amene adadwala matenda amene masiku amenewo anthu ankaopa ngakhale kuwatchula. Kwawo kudali kutali, ndipo abale a malemu mwamuna wake adati alibe munthu womutuma. Mayi Kamtedza adakawapeza bambo Kamtedza ali m'chigafa, akupachika fodya.

"Abambo ake Howard, ndikufuna ndikagone kuchipatala ndi Elube."

"Amake Howard, taonani fodyayu. Kodi Elube ndi m'bale wanu?"

"M'bale wanga ayi. Koma matenda sadikira kuti fodya aume."

"Nanga ine andiphikira ndani?"

"Manja amene akusoka fodyawo akanika mthiko? Ndiwo ndafutsa kale, zili pathandala."

Bambo Kamtedza ankaikamba okha nkhaniyi pa Chigwirizano cha Abambo, n'kumaseka kuti chaka chimenecho adaphunzira kuphika ali ndi imvi. Elube adamwalira patatha masabata asanu ndi limodzi, mutu wake uli pamiyendo ya Mayi Kamtedza. Pakati pa 1996 ndi 2004 adadikirira anthu ena asanu ndi mmodzi odwala matenda omwewo. Mu 2005, achipatala atabwera kudzayeza magazi pabwalo la tchalitchi, anthu adaima patali n'kumayang'anana. Mayi Kamtedza, ali ndi zaka 54, adapita kukakhala pabenchi poyamba.

"Agogo, inunso?" adafunsa mnyamata woyezayo.

"Bwanji, magazi anga ndi obiriwira? Baya apa, anzangawa akufuna aone ngati munthu amafa nazo."

Tsiku limenelo adayezetsa anthu makumi anayi ndi mmodzi.

Mu 2009 bambo Kamtedza adapezeka ndi matenda othamanga magazi ndipo adauzidwa kuti azimwa mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wawo wonse. Akazi awo ankawaikira piritsi pambali pa kapu ya tiyi n'kuima pomwepo mpaka ameze. Mu Seputembala 2011 Mayi Kamtedza adachoka masabata atatu kukadwazika mayi wina amene adapsa ndi moto. Bambo Kamtedza, poona kuti mutu sukuwawanso, adasiya mankhwala. Adagwa pakhonde mbali imodzi itafa, ndipo adamwalira pa 9 Novembala. Pamasiku amaliro Mayi Kamtedza adauza Mayi Chimphepo kuti, "Munthu sadziyeza yekha. Pafunika wina womuonera." Mawuwa ambiri a ife tidawamva akuwabwereza kwa odwala ena.

Lenia adasiya sukulu ali Folomu 2 mu 2002 atatenga pakati, n'kukwatiwa ku Malomo. Banjalo lidatha mu 2014, ndipo adabwerera kwa mayi ake ndi ana awiri. Mayi Kamtedza adamuleka chaka chimodzi kuti mtima ukhale pansi, kenako adayamba kumuumiriza kuti abwerere kusukulu.

"Amayi, ndikakhale padesiki limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga? Akandiseka."

"Desiki silifunsa zaka. Akaseka sabata imodzi, yachiwiri akakubwereka cholembera."

Mu Seputembala 2016 Lenia adayamba Folomu 3 pasukulu yamadzulo. Mayi ake adatenga ana, munda ndi mbuzi. Iye akamawerenga pakhonde, iwo ankathamangitsa nkhuku kuti zisamusokoneze. Mayeso a Folomu 4 ankayembekezeka kuyamba kumapeto kwa Juni 2018.

Mu Febuluwale chaka chimenecho, akusamba, Mayi Kamtedza adakhudza kachotupa kolimba m'bere lakumanzere. Apa adachita zimene ankaphunzitsa ena, sadazengereze. Kabuku kawo ka kuchipatala kakuonetsa kuti pa 6 Malichi adaonana ndi dokotala, amene adatengako kanyama kuti kakayezedwe. Kunyumba adangoti akukazonda wodwala, ndipo palibe adadabwa. Pa 17 Epulo adakamva zotsatira, ataperekezedwa ndi Mayi Chimphepo. Idali khansa. Dokotala adati yaoneka msanga, ndipo adawalembera tsiku la opaleshoni kuchipatala chachikulu cha mumzinda, Lolemba pa 21 Meyi.

"Mubwere ndi gadiyani wamkazi," adatero dokotalayo. "Mukakhalako masabata atatu kapena kuposa, ndipo pambuyo pake pali mankhwala ena a miyezi ingapo. Tsiku limeneli musaliphonye, amayi."

Amayi awiriwo adakhala pamthunzi podikirira minibasi. Mayi Kamtedza sadaope mpeni, poti adaona anthu ambiri akulowa m'chipinda cha opaleshoni n'kutulukamo. Chimene ankawerenga pazala chidali masabata. Kuchokera pa 21 Meyi, masabata atatu ankafika pakati pa Juni, ndipo mayeso adali pakhomo. Mchemwali adalibe. Peggy, mkazi wa Howard, adali ndi khanda la miyezi iwiri. Akazi a anyamata enawo adali ku Joni ndi ku Mzuzu. Wotsala adali mmodzi, ndipo iwo ankadziwa mmene mtsikana amachokera pakhomo ndi kansalu ndi kampoto, atauzidwa kuti abwerera posachedwa.

"Ndipita nanu ine," adatero Mayi Chimphepo, amene adali ndi zaka 71 ndi ng'ala m'maso onse awiri.

"Inu ndi maso amenewo? Mukandimwetsa mankhwala a bedi la mnzanga, ine n'kuchira nthenda ya eni ake."

Adaseka onse, koma Mayi Chimphepo sadaleke. "Ndiye tiwauze amayi a Chigwirizano. Tilipo makumi anayi."

"Mukauza Chigwirizano mwauza msika wa Malomo. Lenia amva dzuwa lisanalowe, ndipo mukumudziwa, ataya makope lero lomwe. Komanso anthu ati chiyani? Munthu wobereka ana anayi n'kumapempha womusambitsa kwa eni ake?"

"Nanga Elube uja adali mwana wanu?"

"Elube adalibe munthu. Ine ndili naye, kungoti ali ndi ntchito. Anzanga, ndi miyezi iwiri yokha. Kachotupa kake n'kochepa ngati nzama. Akangolemba pepala lomaliza ndimuuza. Lonjezani kuti simutsegula pakamwa."

Mayi Chimphepo adakana kawiri. Kachitatu, minibasi itaima, adalonjeza.

Mwambo woti gadiyani akhale wachibale Mayi Kamtedza adauswa kasanu ndi kanayi chifukwa cha ena. Utafika pa iwo eni, adaugwira mwamphamvu kuposa wina aliyense. Adauza abusa pambuyo pake kuti masiku amenewo ankapemphera m'mawa uliwonse kuti Mulungu achigwire chotupacho chisakule mpaka Julayi. "Ndinkamuuza zochita," adatero. "Sindidamufunse ngati Iye adafuna kuti ndidikire."

Pa 21 Meyi adali kumunda, akusenza chimanga. Kutchalitchi sadajombe, kuzonda odwala sadasiye. Ena adaona kuti asiya kunyamula ndowa ndi dzanja lamanzere, ena kuti bulauzi ya yunifomu yayamba kuwakulira. Tikawapatsa moni ankati, "Bola lero," ndipo ife tinkamva kuti ali bwino, osafunsa kuti bola poyerekeza ndi liti. Tidaganiza kuti munthu woperekeza anzake kuchipatala njira yake amaidziwa. Mayi Chimphepo akuti kawiri adafika mpaka pakhomo pa abusa, n'kubwerera poganizira lonjezo.

Lenia adamaliza mayeso pakati pa Julayi. Lamulungu pa 22 Julayi, atabwera kutchalitchi, mayi ndi mwana adakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango n'kumaswa mtedza. Mayi Kamtedza adatulutsa kabuku kaja m'chitenje.

"Iwe wophunzira, tandiwerengera apa."

Lenia adawerenga mpaka pamene padalembedwa tsiku. Adawerenganso.

"Amayi, apa alemba Meyi. Lero ndi Julayi."

"Ndikudziwa."

"Mumadziwa kuyambira Epulo? Ine n'kumakufunsani za mbuzi ndi za sopo, inu muli ndi chimenechi m'thupi?"

"Unali ndi mayeso, mwana wanga."

"Mayeso amalembedwa chaka chilichonse, amayi!"

"Inenso adandiuza kuti sukulu sithawa."

Lenia adatseka kabukuko, lichero lili pamiyendo. Kenako adati, "Inu munali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ine ndili ndi 33. Mukanandifunsa."

"Ukanasiya."

"Kapena ndikanasiya, kapena tikanapeza wina, sindikudziwa. Koma wosankha ndikanakhala ine. Tsopano mwandipatsa satifiketi yoti ndiziiyang'ana bwanji?"

Mayi Kamtedza adatola mtedza umene udagwa pamphasa n'kuubwezera m'lichero.

Howard atamva adapita kaye kwa Mayi Chimphepo, ndipo mawu amene adayankhula kumeneko adakawapepesa patatha sabata. Pa 30 Julayi adabwerera ndi mayi ake kuchipatala, ndipo pa 3 Seputembala adaonedwa kuchipatala chachikulu. Chotupa chidali chitakula ngati dzira la nkhuku, ndipo matendawo adali atafika m'khwapa ndi m'mapapo. Opaleshoni sikadathandizanso. Howard adafunsa mosabisa ngati mayi ake akadachira akadabwera mu Meyi. Dokotala adati zimenezo palibe angalonjeze, koma mwayi udali waukulu mu Meyi, ndipo mu Seputembala udali utachepa kwambiri. Tikulemba monga mmene adanenera, osaonjeza kapena kuchotsa.

Adawagoneka kuti ayambe mankhwala ochepetsa kukula kwa matendawo. Nkhani itafika ku Chigwirizano, wapampando adangofunsa kuti ndani angapite kukathandizana ndi Lenia. Manja khumi ndi limodzi adakwera msonkhano usanathe. Adagawana masiku anayianayi, ena n'kutenga ana a Lenia, ena munda. Mayi Chimphepo adapita ndi gulu loyamba, ndipo Lenia adawawerengera mayi ake mayina onse khumi ndi limodzi. Mayi Kamtedza adamvetsera maso ali kudenga.

"Onsewa analipo mu Meyi?"

"Tinalipo," adatero Mayi Chimphepo.

"Masiku anayianayi," adatero Mayi Kamtedza. "Ine m'mutu mwanga gadiyani ndi mmodzi, amapita n'kukakhaliratu. Zoti anthu angagawane sizidandibwerere n'komwe."

Adakhala m'chipatalamo masabata asanu. Anamwino adawadziwa msanga, chifukwa ali chigonere ankalangiza agadiyani a mabedi oyandikana kuti wodwala samukoka ndi mkono, amamutembenuza ndi nsalu. Mankhwala adawafooketsa kwambiri, ndipo atalandira kachitatu, dokotala adawafotokozera zimene mankhwala otsalawo angathe ndi zimene sangathe. Ulendo uno Mayi Kamtedza sadasankhe okha. Adaitana Howard ndi Lenia, adaimbira foni anyamata aja, n'kufunsa aliyense maganizo ake. Adagwirizana kuti abwerere kunyumba ndi mankhwala oletsa ululu.

Zotsatira za mayeso zidatuluka iwo ali pakhomo. Lenia adakhoza bwino. Adabwera nazo mwakachetechete, n'kukhala kumiyendo kwa bedi. Mayi ake adayesa kuimba nthungululu koma mpweya udawathera pakati, ndipo adatsokomola mpaka misozi. Atapuma adati, "Bwanji sukusekerera?" Lenia adati, "Ndidzasekerera, amayi. Lero ayi."

Pa 16 Disembala abusa ndi akulu a mpingo awiri adawapititsira Mgonero kunyumba. Asanalandire, Mayi Kamtedza adapempha kuti ayankhule, ndipo mmodzi wa akuluwo adalemba mawu awo.

"Anthu adzanena kuti ndidadzipereka chifukwa cha mwana. Musawalole anene zokhazo. Atate anga ondibereka adandisankhira osandifunsa, ndipo ndidakhala nazo mumtima zaka makumi asanu. Ine ndamusankhira Lenia osamufunsanso. Ndinkati ndikumupulumutsa ku zimene zidandichitikira, koma ndamuchita zomwezo, kungosintha mbali. China, ndidasambitsa ana a eni ake, koma ndidachita manyazi kuti eni ake andisambitse. Kumeneko sikudzichepetsa, abusa, ndi kunyada kovala duku. Muzilembe, wina asadzatengere."

Kenako adatembenukira kwa Mayi Chimphepo. "Anzanga, mlandu ndi wanga. Ndine ndidapempha lonjezo."

"Ndi wosunga yemwe," adatero Mayi Chimphepo. "Ndikadalola mundikwiyire miyezi iwiri."

"Ndikadakukwiyiranidi."

"Ndikadapirira. Mudandikwiyirapo chifukwa cha nkhuku chaka chathunthu, sindidafe."

Adaseka onse awiri, Lenia naye adaseka, ndipo adadya Mgonero pamodzi.

Masabata otsalawo adakhala abata. Amayi aja adapitiriza kusinthana masiku, ndipo Mayi Kamtedza adalola aliyense kuwasambitsa, n'kumathokoza pomutchula dzina. Masana Lenia ankawawerengera Mawu a Mulungu, ndipo iwo ankamukonza akathamanga. Lolemba pa 11 Febuluwale adasiya kudya. M'mawa mwake kudagwa mvula yamawawa. Cha m'ma 9 koloko adapempha kuti awatembenuze ayang'ane kukhomo. Lenia ndi Mayi Chimphepo adagwira nsalu uku ndi uku, n'kuwatembenuza pang'onopang'ono. Mayi Kamtedza adati, "Eya, choncho," ndipo adatseka maso. Howard atalowa kuchokera kumunda adapeza atapita. Adaikidwa Lachinayi pa 14 Febuluwale pambali pa amuna awo.

Mu Malichi 2019 amayi a Chigwirizano adagwirizana zinthu ziwiri, ndipo bwalo la akulu a mpingo lidavomereza. Choyamba, pakhale ndandanda wa amayi okonzeka kukadikirira wodwala masiku anayi, kaya ndi m'bale wawo kaya ayi. Chachiwiri, wozonda wodwala asamangofunsa ngati wapita kuchipatala, azifunsanso kuti, "Adakupatsani tsiku? Mupita ndi yani?" Mpaka pamene tikulemba, ndandandawu wathandiza odwala asanu ndi awiri, ndipo atatu mwa iwo adavomera kuti adali atabisa kale tsiku lawo. Pamsonkhano womwewo Mayi Chimphepo adaimirira atagwira ndodo n'kunena kuti, "Amene akufuna kundiuza chinsinsi cha matenda adziwiretu kuti ine ndidasiya kusunga. Ndikanena, ndipo mudzandipeza pakhomo panu ndi anzanga."

Chitsanzo chimene Mayi Kamtedza atisiyira chili pawiri, ndipo iwo eni adafuna kuti tichitenge chonse. Titsanzire mapazi awo opita kwa odwala, ndipo tisatsanzire kukhala chete kwawo. Mulungu amene adawatumikira zaka makumi asanu ndi chimodzi monga mkhristu wodya Mgonero awapumitse, ndipo atikhululukire ife amene tidaona bulauzi ikukula osafunsa.

Lenia tsopano ali kusukulu yauphunzitsi. Titamuwerengera mbiriyi kuti avomereze, adakonza tsiku limodzi limene tidalakwitsa. Mmodzi wa akulu a mpingo adamufunsa ngati mtima wake udakhala pansi.

"Ndidawakhululukira iwo ali moyo, ndipo adamva," adatero. "Koma mayeso aja adalembedwanso chaka chotsatira, mwezi womwewo, m'chipinda chomwecho. Ndidadutsapo ndikuchokera kumanda."